Njinga Yanga Inatsala ku Farolo

Ananditengera njinga. Sanali akuba, sanali asilikali. Anali malume anga enieni, a Faustino, mlongo wa mayi anga, ndipo mpaka lero akamasimba za ulendowu amaseka.

Njingayo ndinaigula ndekha. Nditasiya sukulu m'kalasi yachinayi, ndinawoloka Ruo n'kukathyola tiyi tsidya la Malawi zaka ziwiri, manja kuchita kung'aluka. Ndinaigula ku Limbuli: yakuda, ya keliyala yolimba, yokhala ndi belu, pampu ndi chubu chapadera. Ndinkanyamulira anthu nandolo ndi chimanga kuchokera ku Mongue mpaka pamalire. Inkadyetsa ine ndi mayi. Ndiye ndikamati njinga, musaganize za choseweretsa.

Malume anaphikira mzungu wa pa esiteti ya tiyi zaka zoposa makumi awiri. Chaka chilichonse mzunguyo ankatenga banja lake kupita kunyanja ya mchere kukapuma, malume n'kutsala ndi agalu. Pobwera ankasimba za farolo, nsanja yaitali yokhala ndi nyali pamwamba, imene imalondolera sitima za pamadzi polowa padoko la Quelimane. Kukhitchini kunkapachikidwa chithunzi cha nsanja yotero, chong'ambidwa pa kalendala. Ufulu utabwera mzungu anathawa, malume anatola chithunzicho n'kuchipinda m'thumba la jekete. Kenaka antchito anauzidwa kuti tsopano aliyense ali ndi masiku ake opuma, feriyasi. Anzawo anapita kukalima. Malume anabwera kwathu.

"Zeka, mphwanga, nanenso ndikupita ku feriyasi. Ukandiyankhulire Chipwitikizi, changa n'cha kukhitchini. Utenge njinga, tikazungulire mafarolo onse, ine pa keliyala."

Ndinakana. Mayi anasiya kupeta n'kundiyang'ana.

"Malume ako ndiwo mwini mbumba. Ukadzafuna kukwatira adzakuimire ndani? Njinga?"

Masiku amenewo sunkayenda popanda giya, kalata yonena kumene ukupita, chimene ukukachita ndi masiku ake. Tinapita kwa sekretariyo wa m'mudzi. Anatsegula buku, ananyambita pensulo.

"Mukupita kumaliro?"

"Ayi."

"Kuchipatala?"

"Kukaona farolo," anatero malume.

"Ndi m'bale wanu?"

"Ndi nyali, kamarada."

Munthu uja anatiyang'ana nthawi yaitali. Anati sanalembepo giya ya munthu wokaona nyali. Pomaliza analemba masiku khumi, n'kutiuza kuti tikafika tikadinditse chidindo cha kumeneko, ndipo tsiku lakhumi tikhale titabwera.

Masiku awiri oyamba anathera ku Milange, tauni yathu ya pamalire, tikudikira basi. Lolemba basi sinabwere. Lachiwiri anati yatsala pang'ono. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi msewu wa ku Mocuba, kwathu kuli pafupi moti ndikanatha kukadya n'kubwera, koma malume anakana kuti munthu wa feriyasi sabwerera kunyumba. Lachitatu m'mawa kunabwera lole yonyamula mabokosi a tiyi. Dalaivala anati munthu eskudo zana limodzi, njinga theka lake. Ndalamazo anazilandira monyansidwa. M'masitolo munalibe chogula, ndiye ukampatsa munthu ndalama ankaiyang'ana ngati wampatsa tsamba la mtengo. Chimene chinkayankhula ndi katundu. Ife a m'malire tinali ndi mwayi wa sopo ndi shuga wa ku Malawi, ndipo malume anali atanyamula mitanda itatu ya sopo. Umodzi unapita kwa dalaivala pomwepo.

Tinakwera pamwamba pa mabokosi, anthu ngati khumi ndi asanu. Njinga ndinaimanga ndekha n'kukhala nditaigwira. Pafupi nane panali mayi wina wa ku Molumbo, a Rozita, wopita kwa mwana wake ku Mocuba atanyamula nkhuku ziwiri m'dengu. Anafunsa malume kumene tikupita, atamva anaseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, nyali kwanu kulibe? Ndikanakubwerekani koloboyi."

"Iyi imaunikira sitima, amayi."

"Inu ndinu sitima?"

Pa kontrolo yoyamba, mtengo utapingasa msewu, tinatsika tonse n'kuima pamzere padzuwa. Mnyamata wa mfuti anagwira giya yathu chozondotsa, kenaka anaitembenuza. Anaibweza. Maso ake anali pa njinga.

"Pepala la iyi lili kuti?"

Kwathu njinga zonse n'zoolokera pa Ruo ndipo palibe amafunsa pepala. Ndinayamba kufotokoza m'Chipwitikizi changa cha kalasi yachinayi. Sankamva, kapena sankafuna. Dalaivala analiza hutala. Malume anandikankhira pambali, anazula pampu pa felemu n'kuipereka ndi manja awiri ngati akupereka kwa apongozi.

"Kamarada akungobwereka, mphwanga. Tidzaitenga pobwerera."

Mtengo unatukulidwa.

Msewu wa ku Mocuba sindiufotokoza. Ndi fumbi lofiira ndi maenje. Titadutsa Namanjavira lole inayamba kufuka nthunzi kutsogolo, n'kuima. Paipi ya madzi inali itang'ambika. Dalaivala anayesa kumanga ndi nsanza, inatayikira. Anayesa luzi, linaduka. Anakhala pansi pamthunzi n'kuvula nsapato, chizindikiro choti lero zatha. Tinagona pomwepo m'mbali mwa msewu. Kutacha palibe galimoto inadutsa. Tinatafuna makaka ouma amene a Rozita anatigawira. Nkhuku imodzi inafa ndi kutentha, tinaiwotcha, mwini wake akutukwana aliyense amene ankanyambita zala.

Chubu changa chapadera chinali pansi pa chikwama, chokulungidwa m'malaya. Sindinauze munthu. Dzuwa lili paliwombo dalaivala anati, akuyankhula yekha, pakanakhala mphira wa njinga akanamanga bwinobwino.

"Mphwanga ali nacho chubu," anatero malume mokweza. "Chatsopano."

Anthu onse ananditembenukira. Ukhala bwanji ndi chubu m'chikwama anthu khumi ndi asanu akupsa ndi dzuwa? Ndinachitulutsa. Dalaivala anachidula ndi mpeni mizeremizere ine ndikuona. Anamanga, tinatunga madzi kudambo, lole inalira. Onse anathokoza malume.

A Rozita anandigwira bondo. "Mwana wanga, njinga yakoyi ikudyedwa ngati chimanga chowotcha, mzere ndi mzere. Ugwiritse chitsononkho."

Ku Mocuba tinafika tsiku lachisanu. Pamalo okwerera basi panali anthu ogona pamphasa, ena atakhalapo kuyambira Lamlungu. Basi ya ku Quelimane itafika anthu analowera pamawindo. Kondakitala anati anthu awiri alowa, koma njinga pamwamba palibe malo. Pamwambapo ndinkaona ndi maso anga malo okwana mbuzi zitatu. Malume anampatsa mtanda wachiwiri wa sopo. Anaununkhiza, anauika m'thumba, n'kunena kuti malo akadalibe. Kwinaku chala chake chinkaliza belu langa. Ngli, ngli. Ngli, ngli.

"Mwana wanga angakondwe nalo ili," anatero.

"Malume, ayi."

"Ku nyanja ukalizira ndani belu? Nsomba?"

Analimasula ndi msonga ya mpeni. Njinga inakwera pamwamba. Ine ndinaima ndi mwendo umodzi kuchokera ku Mocuba mpaka ku Namacurra, thumba la munthu wina lili pamsana panga, pamene malume anapatsidwa mpando chifukwa cha imvi. Ankauza woyandikana naye kuti ali pa feriyasi. Tinatsika pa kontrolo zina zitatu. Panalibenso chozula pa njinga, ndiye tinkangoima nthawi yaitali kuposa anzathu.

Quelimane ndi wathyathyathya, wotentha ngati m'ng'anjo, migwalangwa ya kokonati paliponse. Ndi mzinda wa njinga, koma zambiri zinkayenda pa matayala osokedwa ndi waya, zina atakulunga chingwe pa limu. Yanga inali ndi matayala a ku Malawi, mano ake akuonekabe. Kulikonse kumene tinkadutsa amuna ankasiya zochita n'kuyang'ana pansi, pa matayalawo. Ndinayamba kuikankha nditaigwira ndi manja onse.

Titafika padoko malume anavula chipewa.

"Nyanja ija ndi iyi, mphwanga."

Madzi ake anali amatope, tsidya lina likuoneka. Sitima imodzi inali itakocheza. Ndinafunsa bambo wina wonyamula matumba kuti farolo ili kuti. Anaseka. Anati uwu ndi mtsinje. Nyanja ili kutali kumene mtsinjewu ukathira, ndipo mafarolo ali kumeneko, ina tsidya lino, ina tsidya linalo. Anati njira yapamtunda ndi matope ndi mitengo ya m'madzi, njinga siipita. Anthu amapita pa ngalawa.

Ndinawamasulira malume mawu onse, pang'onopang'ono, makamaka oti njinga siipita. Masiku asanu ndi limodzi ndikuinyamula, kuimanga, kuimasula. Iwo anangobwezera chipewa kumutu.

"Ndiye tipeza ngalawa."

Tinagona pakhonde pa munthu wina wakwathu wogwira ntchito padoko. Kutacha ndinayenera kukadinditsa giya, poti wa Chipwitikizi ndi ine. Ku ofesi yake mzere unkazungulira nyumba yonse. Ndinafuna kupita ndi njinga.

"Pamzere ukaima nayo bwanji? Akakubera. Isiye, ndiisunga ine."

Ndinaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Masana anatseka zenera kuti apita kukadya. Atatsegula, mkulu wa pazenera anawerenga cholinga cha ulendo wathu n'kuitana mnzake kuti naye adzawerenge. Anadinda akuseka. Pobwera ndinapeza malume atakhala pamthunzi akumwa madzi a kokonati, njinga ili pambali pawo. Ndinaiyang'ana mbali zonse. Inali yonse. Mtima unakhala pansi.

"Ngalawa yapezeka," anatero. "Mawa m'mamawa, madzi akamatsika."

"Zingati?"

"Zimenezo n'za akuluakulu."

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Anthu a kumeneko amayankhula Chichuwabo, ndipo munthu wodziwa Chilomwe ngati malume amamvana nawo bwino ndithu popanda Chipwitikizi cha wina aliyense.

Mwini ngalawa anali bambo wamfupi wa mapewa aakulu, dzina lake Amade. Malume anati njinga tipite nayo, pakhonde paja singasiyidwe. Amade anainyamula yekha ngati khanda, anaigoneka pakati pa ngalawa, n'kuifunditsa masaka kuti madzi amchere asaigwere. Ndinati mumtima, munthu wabwino uyu. Ndinamuthokoza kumene.

Tinayenda ndi thanga mpaka mphepo inatha, kenaka ndi nkhafi. Mtsinje unka ukukula. Malume anasanza kawiri, nane kamodzi. Dzuwa litakwera tinakocheza pamchenga pafupi ndi mudzi wa asodzi. Amade anatsitsa njinga, anaipukuta ndi malaya ake, n'kuitana mlamu wake amene anali kusoka ukonde. Anamupatsa chiwongolero. Mlamuyo anayamba kuikankha kulowera kumudzi.

Ndinathamanga n'kugwira keliyala.

"Mukupita nayo kuti?"

Amade anayang'ana malume. Malume anayang'ana nyanja.

"Malume, akupita nayo kuti?"

"Ndalama anakana, mphwanga. Anati adzagula nazo chiyani? Ndinayesa jekete, anakana."

"Ndiye munagulitsa njinga yanga?"

"Usakweze mawu pamaso pa anthu. Tamvera. Ine ndikadzafa, zanga zonse adzatenge ndani? Ana anga? Iwo ndi a kwa mayi awo. Udzatenga ndiwe. Ndiye ngati zanga zidzakhale zako ndikadzafa, zako sizingakhale zanga ndikali moyo?"

Ndinatembenukira kwa Amade m'Chipwitikizi. Ndinati njingayi si ya mkuluyu, ndi yanga, ndinaigula ndi thukuta langa. Anandimvera mpaka kumapeto, sanakwiye. Anafunsa ngati mkuluyu ndi mlongo wa mayi anga. Ndinati inde. Anatambasula manja, ngati kunena kuti nanga vuto lili pati. Kenaka anati ngati sindikufuna, palibe kanthu, nditenge njinga yanga, koma ngalawa yake ibwerera yopanda ife. Analoza kumtunda. Kunali matope okhaokha ndi mizu ya mitengo yotuluka m'madzi. Pa giya panatsala masiku awiri, ndipo munthu wopezeka kutali ndi kwawo giya itatha sankafunsidwa zambiri, ankangotengedwa.

Ndinagwirabe keliyala ija kanthawi. Kenaka ndinaisiya. Palibe anandimenya, palibe anandikoka dzanja. Ndinaisiya ndekha, ndipo chimenecho ndicho chimandiwawa.

Farolo inali chapafupi, pakamtunda ka mchenga. Woyang'anira anali mkulu woonda wa ndevu zoyera, akuyanika nsomba pakhomo. Anati alendo saloledwa kukwera. Malume anapisa m'jekete n'kutulutsa mtanda wachitatu wa sopo. Chitseko chinatseguka.

Asanalowe anatulutsa chithunzi chawo chija, anachifunyulula, n'kumayang'ana uku ndi uku. Ya pachithunzi inali yoyera mbee, itaima pathanthwe, mafunde akumenya pansi pake. Imene inali patsogolo pathu inali yaifupi, utoto ukusendeka, mbuzi itagona pamthunzi wake. Woyang'anira uja anasuzumira.

"Iyi si ya kuno," anatero. "Kuno kulibe miyala yotere. Iyi ndi ya kwawo kwa azungu."

Ndinamasulira mosachotsa kanthu. Malume anapinda chithunzicho pang'onopang'ono, motsata mizere yake yakale.

"Nyali ndi nyali," anatero.

Makwerero ake ndi ozungulira, opapatiza, otentha. Malume anatsogola. Ndinawerenga masitepe makumi awiri ndi limodzi, ndipo anaima. Anagwira khoma. Anayesa sitepe ina, n'kukhala pansi pomwepo, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

"Mutu ukuzungulira. Kwera ndiwe, mphwanga. Ukaone bwino, udzandiuze zonse."

Ndinawadumpha n'kukwera. Sikuti ndinkafuna kuwathandiza. Ndinkafuna kuchoka pafupi nawo.

Pamwamba pali chipinda cha magalasi ndi nyali yaikulu kuposa mtsuko. Kunja kuli mphepo. Nyanja ndinaiona: madzi mpaka kumene maso athera, opanda tsidya. Kutali kunali sitima imodzi, yaing'ono ngati nyerere. Kuwoloka pakamwa pa mtsinje kunkaoneka farolo inzake, kamtengo koyera. Zonsezi ndinaziona m'kanthawi kochepa. Kenaka ndinayang'ana pansi. Pamchenga wonyowa m'mphepete mwa madzi, mlamu wa Amade ankaphunzira kupalasa. Ankayenda pang'ono n'kugwa, kudzuka, kugwanso. Kachitatu anagwera m'madzi amchere, njinga yonse kumira mpaka pa sadulo. Anthu a pamudzi ankaomba m'manja. Ndinakuwa kuti aitsuke tcheni, koma mphepo inatenga mawu anga.

Ndinatsika. Malume anali pa sitepe yomwe ija, chipewa pabondo, maso ali m'mwamba.

"Waona chiyani?"

"Njinga yanga."

Sanaseke. Anapotokola chipewa. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, mawu amene sindinawamvepo kwa iwo.

"Nanga china?"

Ndikanatha kungowadutsa. Sindidziwa chifukwa chake ndinakhala pansi pa sitepe ya pamwamba pawo. Ndinawauza za madzi opanda tsidya, za sitima, za nyali yaikulu kuposa mtsuko, za farolo ina ija. Anatseka maso, akugwedeza mutu pa chilichonse. Anandiuza kuti ndibwereze za sitima.

Pobwerera kungalawa Amade anati akhoza kutiwolotsa kuti tikaonenso farolo ya tsidya linalo, ngati pali kanthu kena. Ndinaona malume akuyang'ana nsapato zanga. Ndinazivula n'kuzikhalira mpaka ku Quelimane.

Za ulendo wobwerera palibe chonena. Popanda njinga tinkakwera msanga. Komabe tinafika pa kontrolo yoyamba ija giya itapitirira ndi tsiku limodzi. Mnyamata wa mfuti uja tinamupeza akupopa mpira ndi pampu yanga. Anatizindikira, anaseka, anatukula mtengo osayang'ana n'pepala lomwe. Malume anati waona, pampu ija yatigwirira ntchito kawiri. Za kuitenga sanatchulenso.

Mayi atamva anangoti, "Ndi malume ako." Anapitiriza kupeta.

Tsopano ndimasenza matumba pamutu pamalire. Amene ndinkawadutsa ndikuliza belu ndi amene amandidutsa. Malume anabwerera kukhitchini kwawo pa esiteti, ndipo Loweruka lililonse pa mowa amasimba za feriyasi. Amati anakwera mpaka pamwamba. Amasimba za madzi opanda tsidya, za sitima yaing'ono ngati nyerere, za nyali yaikulu kuposa mtsuko, mawu anga enieni, osasintha ngakhale limodzi. Ndikakhala pafupi amati, "Funsani mphwangayu, anali pomwepo." Ine ndimangoyang'ana kumbali. Sindinawaululepo, ndipo musandifunse chifukwa chake.

Mwezi watha anabwera kwathu n'kundipatsa chithunzi chija, chothetheka m'mizere, akuti ndiyambe kulandira chuma changa. Zotsalazo akuti ndidikire adzafe. Munthu wake sadwala n'chimfine chomwe.

Chubu ndawakhululukira, chinatiyendetsa tonse. Zatsala ndi izi: pampu imodzi, belu limodzi, njinga imodzi yakuda.